Babu la Nsomba za a Wyson

A Wyson anali wodula magalasi pa Golomoti. Mawindo a masitolo ambiri a m'mbali mwa msewu anaika ndi iwo, ndipo zala zawo zinali ndi tizipsera tambirimbiri ngati za munthu woweta mphaka wolusa. Kuyankhula sankakukonda. Ukawafunsa kuti galasi lako lifika liti, ankangoti "lifika," n'kupitiriza kuyeza.

Matenda awo a nsomba anakawatenga ku Lilongwe. Anapita kukaika mawindo m'nyumba ya dokotala wina, ndipo pabalaza anapezapo thanki yagalasi yaitali ngati bedi. M'katimo munali nsomba za m'nyanja yamchere, komanso zinthu zina zonga maluwa omera pamiyala, zofiira, zapinki, zobiriwira, zikugwedezeka pang'onopang'ono ngati zikupuma. Mwini nyumba anawauza kuti zimenezo amazitcha makorali, ndi zamoyo, ndipo chimene chimatulutsa mitundu yake ndi nyali ya buluu. Anaizimitsa kuti a Wyson aone. Zonse zinasanduka miyala wamba yotuwa. Anaiyatsanso, munda uja n'kubwerera.

A Wyson anamaliza kuika mawindo aja n'kunyamuka. Koma m'basi yobwerera kwawo anafika pa Salima osadziwa kuti adutsa kale mapiri. Madzi amchere analibe, makorali analibe. Nyanja yokha ndiyo anali nayo pafupi, ndi mulu wa zidutswa za magalasi kuseri kwa nyumba.

Akazi awo, a Fagness, anali ndi lesitilanti yaing'ono pafupi ndi siteji ya maminibasi. Ankagulitsa tiyi, mandasi, mpunga, chipisi ndi nyama ya mbuzi. Kuyambira kalekale ankapempha bokosi lagalasi loikamo mandasi kuti ntchentche zisamaterepo. Ndiye ataona amuna awo akumata magalasi ndi silikoni tsiku ndi tsiku, anauza anzawo kuti bambo a Ulemu makutu awatseguka tsopano. Tsiku lolibweretsa anapukuta tebulo lapakona n'kuyalapo nsalu yamaluwa. A Wyson anachotsa nsaluyo, anakhazika bokosilo, n'kuyamba kuthiramo madzi.

"Mukulitsuka?" anafunsa a Fagness.

"Ayi."

"Nanga madziwo?"

"Nsomba."

"Nsomba zimakhala mufuliji, bambo a Ulemu."

"Zamoyo."

Nsombazo anabwera nazo ndi a Hamidu, mnzawo wa a Wyson, msodzi wa ku Mtakataka. Zinali mbuna, tinsomba tokhala m'miyala timene timakodwa mwangozi ukonde ukayandikira matanthwe. Anazibweretsa m'chigubu panjinga, ndipo pozikhuthulira m'thankimo ankaseka mpaka kutsokomola.

"Wallahi, alamu," anatero kwa a Fagness, "ndakalambira panyanja, koma munthu woitanitsa ndiwo kuti azingoziyang'ana ndamuona lero."

A Fagness sanaseke. Anaima manja m'chiuno, kuyang'ana miyala imene amuna awo ankasanja pansi pa madzi.

"Tebulo mwatengalo pamakhala anthu," anatero. "Ndanena pamaso pa a Hamidu. Bokosi limeneli likandisokonezera bizinesi, nsombazo ndikazinga, m'katimo ndiikamo mandasi. Mwamva?"

"Ndamva," anatero a Wyson.

Babu la m'lesitilantimo linali lachikasu, lija lowala ngati nyali yaparafini. Pansi pa babu limenelo mandasi ankaoneka ngati angochoka kumene pamoto, ndipo nsomba nazo zinkaoneka chimodzimodzi. Zonse zinali zofiirira, zamtundu wa dothi, ngati zalowa kale m'chiwaya. Kondakitala wina anaima pathankipo ali ndi kapu ya tiyi m'manja, n'kuloza ndi chala.

"Mayi, mundikazingire iyo yonenepayo. Ndi chipisi."

Apa a Fagness anaseka mpaka kupukuta misozi ndi chitenje. A Wyson anatenga chipewa chawo n'kukwera minibasi ya ku Mtakataka.

Kumeneko Shamim, mwana wa a Hamidu, anali ndi sitolo ya mabatire, masola ndi mababu. Asodzi oyatsa nyali panyanja pokopa usipa ankagula kwa iye, choncho mababu anali nawo amitundumitundu. Anatsitsa makatoni angapo n'kuonetsa a Wyson nambala yolembedwa pambali pa katoni iliyonse.

"Nambala ikachepa, babu limawala mwachikasu," anatero. "Ikakwera limayera. Ikakwera kwambiri limayamba kulowera ku buluu. Inu mukufuna lotani, ankolo?"

"Labuluu."

"Loyera lolowera ku buluu?"

"Labuluu."

Shamim anawayang'ana kaye. "Lenileni? Lija amaika ku..." Anameza mawu otsalawo, poti awa anali anzawo a bambo ake. "Mukukaika kuti?"

"Pa nsomba."

Mtsikanayo anakweza mapewa, n'kulikulunga m'nyuzipepala.

Linali Loweruka. A Wyson analendeweretsa babulo pawaya pamwamba pa thanki, lili poyera, n'kuchotsa lachikasu lija kuti lisasokoneze. Mdima utayamba kugwa anayatsa. Nsomba zija zinayaka ngati zameza moto wa wowotcherera zitsulo, mizere yake ikung'anima uku ndi uku. Sizinafike pa za dokotala uja, koma zinali panjira yake. Anakoka kireti, anakhala pansi, n'kuiwala kuti m'nyumbamo muli anthu ena.

Woyamba kudandaula anali mkulu wina wogulitsa mphasa. Ananyamula mbale yake n'kupita nayo kukauntala.

"Mayi, nyama iyi ndi ya liti?"

"Ya lero lomwe lino. Bwanji?"

"Taonani nokha."

A Fagness anayang'ana. Nyama inali bii, mpunga unali ngati phulusa lonyowa, ndipo chipisi chinkaoneka ngati zala za munthu wodwala. Anayang'ananso dzanja lawo lomwe, n'kulibisa m'chitenje.

Koma imeneyo inali nkhani yaing'ono. Kuwala kuja kunatulukira pakhomo n'kukagwera pamsewu, ndipo pa Golomoti ngakhale mwana amadziwa chimene chimagulitsidwa pakhomo lowala buluu Loweruka madzulo. Posakhalitsa kunalowa amuna atatu atagwirana m'mapewa.

"Zitatu zozizira!" anakuwa wakutsogolo.

"Zozizira chiyani?" anafunsa a Fagness.

"Aa, mayi, musatibisire. Mwatsegula liti? Tinkangodutsa ife, osadziwa kuti pano pafika chitukuko!"

"Kuno kuli tiyi."

"Tiyi wa m'botolo yemweyo!"

Wachiwiri anayamba kuvina popanda nyimbo. Wachitatu, amene anali waulemu kuposa anzake, anavula chipewa, anayandikira kukauntala n'kufunsa monong'ona ngati kuseriko kuli zipinda. A Fagness anatola chipande. Amunawo anatuluka mothamanga kuposa mmene analowera, koma asanafike patali kunabweranso ena awiri, kenako wina ndi wailesi yake paphewa. Tsiku limenelo lesitilanti inatsekedwa msanga.

A Wyson anaganiza kuti anthu azolowera. Ananenadi zimenezo kunyumba, mawu awiri okha, "Azolowera, mayi."

Lamulungu Misa itatha, mayi wapampando wa gulu la amayi a kutchalitchi anakokera a Fagness pansi pa mtengo wa mango. A Wyson anali chapatali, koma mayiyo anali ndi mawu otsogolera nyimbo, ndipo kunong'ona kwake kunkamveka mpaka pachipata.

"Mayi a Ulemu, ngati bizinesi yavuta, tiuzeni anzanufe tithandizane. Koma bala ayi. Inu ndinu msungichuma wathu, anthu aziti chiyani?"

A Fagness anayenda ulendo wonse wobwerera ali patsogolo, amuna awo pambuyo. Sanapite kunyumba. Anatsegula lesitilanti, anakwera pampando ndi yunifolomu yawo yakutchalitchi yomweyo, anamasula babu lija n'kuwapatsa a Wyson m'manja.

"Mawa m'mawa ndizikazinga," anatero.

A Wyson sanatsutse. Anali atavomera okha pamaso pa a Hamidu, ndipo munthu sabweza malovu amene walavula. Usiku umenewo sanadye bwino.

Kutacha anafika palesitilanti n'kupeza moto uli kale pachiwaya kuseri kwa nyumba, mafuta akuyamba kulira. A Fagness anali m'kati ndi sefa ya tiyi, akuvuula nsomba imodzi imodzi n'kumaziponya m'beseni loyera la madzi. Zinawavutitsa, poti mbuna zimadziwa kubisala m'miyala, koma a Fagness ndi munthu amene sasiya ntchito panjira. A Wyson anaima pakhomo. Anafuna kunena kuti tinsomba timeneti ndi minga yokhayokha, palibe chodya, koma anaona kuti sizithandiza. Anangowapatukira njira.

A Fagness anatulutsa beseni lija panja, analikhazika pamwala pamene ankapalira nsomba, anatenga mpeni n'kuwerama. Dzuwa linali litangokwera pamwamba pa madenga, ndipo linagwera m'besenimo mwachindunji.

Anakhala chowerama choncho nthawi yaitali. Mpeni unali m'manja, koma dzanja silinatsike.

A Wyson anayandikira n'kusuzumira paphewa pawo. Nsomba imodzi inali ya buluu wowala, ndi mizere yakuda yotsika ngati ya mbidzi. Ina inali yachikasu ngati bango lakupsa, m'mphepete mwa chipsepse muli kamzere kakuda ngati wina wachita kujambula ndi cholembera. Yonenepa ija inali ndi timadontho tofiirira kuchipsepse chakumchira, ndipo ikatembenuka mamba ake ankasintha, apa buluu, apa pepo.

"Izi ndi zomwe zija?" anafunsa a Fagness osadzutsa mutu.

"Zomwezo."

"Mwazipaka chiyani?"

"Palibe."

"Nanga m'nyumbamo bwanji zimaoneka ngati matemba?"

"Babu."

"Nanga dzana lija zimaoneka ngati mizukwa?"

"Babu."

A Fagness anaika mpeni pansi, anaweramuka, n'kuwayang'ana amuna awo kuyambira kuchipewa mpaka kunsapato.

"Ndiye inu babu munakagula bwanji? Munangoloza?"

A Wyson anavomera ndi mutu.

"Amuna inu! Munayamba mwaonapo mzimayi akugula chitenje m'sitolo osatuluka nacho panja? M'sitolo chilichonse chimanama. Umatuluka nacho padzuwa, umachiyala pamkono, ukatero ndiye n'kunena kuti dulani. Inu mukagula nyali ya nsomba, nsombazo mutazisiya ku Golomoti?"

Mafuta anali atapsa kale, ndipo a Fagness si munthu wotaya mafuta. Anakazinga chipisi, anatenthetsa nyama, anaika m'mbale pamodzi ndi mpunga pang'ono n'kumanga ndi nsalu. Nsomba ziwiri, yabuluu ndi yachikasu, anaziika m'kandowa. Zotsalazo anazibwezera m'thanki.

"Musasekerere," anatero. "Sindinati zakhululukidwa. Mlandu wangoimitsidwa. Likapanda kupezeka babu logwirizana ndi mbale yangayi, tikabwera moto ndiyatsanso."

Anafika kusitolo ya Shamim cha kum'mawa komweko. A Hamidu anali pakhonde ndi asodzi anzawo, atangochoka kunyanja, maso ali psuu ndi tulo. Ataona a Wyson atanyamula ndowa, akazi awo mbale, anaimirira.

"Salaam aleikum, alamu! Kodi mwazibweza? Zakana kuyang'anidwa?"

"Tabwera kudzaziyeza zovala," anatero a Fagness. "Shamim, mwanawe, tseka chitseko. Tulutsa mababu onse amene uli nawo."

Shamim anakankha chitseko, anatseka windo ndi katoni, n'kukokera batire pakauntala. Ndowa anaiika kumanja, mbale kumanzere. Asodzi aja analowa nawo, poti zaulere sizidutsidwa, ndipo m'sitolomo munadzaza fungo la usipa ndi chipisi.

Anayamba ndi lachikasu. Chipisi chinaseka, nsomba zinasanduka dothi.

"Limenelo ndi la ine," anatero a Fagness. "Lina."

Shamim anaika loyera pang'ono. Yachikasu ija inadzuka, koma yabuluu inali ikadali yotuwa. A Fagness ananyamula ndowa, anatuluka nayo padzuwa, anaiyang'ana, n'kubwerera akupukusa mutu. Anachita zimenezi pa babu lililonse, kutuluka ndi kulowa, mpaka msodzi wina anadzipereka kuti azingowatsegulira chitseko.

Kenako linabwera loyera mbee, limene Shamim anati nambala yake ndi ya kuwala kwa masana. Nsomba zonse ziwiri zinaoneka pafupifupi ngati mmene zinalili m'beseni muja.

"Eya!" anatero asodzi onse pamodzi.

"Lina," anatero a Wyson.

Onse anawatembenukira, poti kuyambira chilowereni anali asanatsegule pakamwa. Shamim anasuzumira pansi pa kauntala n'kutulutsa lina la nambala yokwererapo, loyera koma lolowera pang'ono ku buluu, ngati kumwamba mvula itangokata. Atayatsa, mizere ya nsomba yabuluu ija inawala mpaka a Hamidu anachotsa kofia n'kuwerama.

"Mashallah. Zimenezi ndimataya ine?"

"Ili," anatero a Wyson.

"Tayang'anani mbale yanga," anatero a Fagness.

Anayang'ana. Nyama sinade ngati Loweruka lija, komabe inkaoneka ngati yagona. Mafuta a pachipisi ankaoneka ozizira. Anabwerera ku loyera lija, ndipo a Fagness anati nalonso likuchotsa njala. Anatsika ku lina, a Wyson anapukusa mutu. Anakweranso, anatsikanso. Asodzi anagawikana, ena mbali ya mbale, ena mbali ya ndowa, ndipo wina anati koma angophika nsombazo kuti zonse zikhale mbali imodzi. Mababu anatha. Shamim anatambasula manja.

"Ndiye basi," anatero a Fagness, ndipo mawu awo sanali okondwa. "Ndayesetsa, bambo a Ulemu. Mwaona nokha."

Anayamba kumanga mbale yawo. A Wyson anayang'ana ndowa. Kenako anatola katoni yopanda kanthu imene munali batire, anatulutsa kampeni m'thumba, anaboola pansi pake, n'kulowetsapo babu lawo lija. Anavundikira katoniyo pakamwa pa ndowa. M'sitolo monse munada bii. Ndowa yokha, poti inali yapulasitiki yoyera, inkawala ngati mwezi, mithunzi ya nsomba ikuzungulira m'kati.

"Yatsa la amayi akowa," anauza Shamim.

Shamim analumikiza lachikasu n'kuligwira pamwamba pa mbale. A Fagness anamasulanso nsalu. Chipisi chinali chofiirira bwino, nyama ngati yangophulidwa kumene. Anatukula katoni pang'ono n'kusuzumira m'ndowa. Anayang'ananso mbale, n'kusuzumiranso m'ndowa.

"Ndiye kuti aliyense ndi nyali yake," anatero.

"Ee."

"Thankiyo mudzaivundikira chonchi?"

"Ndi thabwa."

"Kuwala kwake sikutuluka?"

"M'madzi mokha."

A Fagness sanakhutire msanga. Anatuma a Hamidu kuti atuluke, akaime kutsidya kwa msewu, chitseko chili chotsegula, anene chimene akuona. A Hamidu anawoloka, anaika dzanja pamphumi ngati akuyang'ana bwato patali, n'kukuwa kuti msika wonse umve.

"Ndikuona sitolo ya mwana wanga, alamu! Munthu waludzu sangakhotere pamenepo!"

"Chabwino," anatero a Fagness. "Shamim, kulunga limenelo. Labuluu lija likubwera, ukagulitse kwa eni ake."

A Hamidu pobwerera anaima pafupi ndi mbale ija, akuiyang'ana ngati mlendo wamanyazi.

"Nanga mboni sidya? Mbuziyi anazinga ndani?"

"Amandizingira ndi a Laisoni, Msilamu mnzanu. Idyani, musaope."

"Bismillah," anatero a Hamidu, ndipo manja ena asanu anatsatira lawo.

Pasiteji minibasi inabwera yodzaza. Kondakitala analanda ndowa m'manja mwa a Wyson n'kuthamanga nayo kubuti, kumene kunali matumba a makala ndi dengu la usipa wouma.

"Iwe! Bweretsa kuno!" anakuwa a Fagness. "Zimenezo sizikwera kubuti."

"Mayi, nsomba zonse zimakwera kumbuyo."

"Zakufa. Izi zikhala ndi ine."

Anakhala pampando wapakati, ndowa pamiyendo, atakumbatira ndi manja onse awiri. Minibasi ikagunda dzenje, madzi ankakhavukira pachitenje chawo, koma sanadandaule. A Wyson anapanikizika pambali pawo, babu lili m'thumba la malaya, dzanja lili pamwamba pake. Atayenda kamtunda, a Fagness anasuzumira m'ndowa n'kukwinya nkhope.

"Chivundikirocho mupange lero lomwe. Ndipo yachikasuyi yaonda. Mumazipatsa chiyani?"

"Gaga."

"Gaga yekha? Ngati nkhuku za eni?" Anapukusa mutu. "Kuyambira lero ndizidyetsa ndine."

A Wyson anayang'ana pawindo. Minda inkadutsa, milambe inkadutsa, ndipo m'mutu mwawo anali atayamba kale kuyeza thabwa.